Momwe mungazengere mlandu wa imfa ya Romeo ndi Juliet

Ophunzira ambiri amene ndimawaphunzitsa kuno ku Salima akafunsidwa kuti anachititsa imfa ya Romeo ndi Juliet ndani, amathamangira kutchula wansembe Bambo Laurence, kapena amangoti linali tsoka. Yankho lotere silikwanira. Sewero la William Shakespeare limeneli, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1597, mulitenge ngati mlandu wa pabwalo la mfumu, pomwe nduna zimayamba zamva mbali zonse chigamulo chisanaperekedwe.

Yambani ndi kulemba zochitika motsatana ndi masiku ake, popeza nkhani yonse ikuchitika pa masiku osakwana sabata. Pambali pa dzina lililonse yankhani mafunso awiri: kodi munthuyu ankadziwa chiyani, ndipo anali ndi mphamvu zotani zosinthira zinthu? Mukatero mudzaona msanga kuti wansembe wina, Bambo John, amene anatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha mliri n'kulephera kukapereka kwa Romeo ku Mantua kalata yomudziwitsa kuti Juliet sanafe, alibe mlandu, ndiponso kuti Balthasar, wantchito wa Romeo amene anamuuza kuti Juliet wamwalira, anangonena zimene anaona.

Pa Capulet, bambo ake a Juliet, m'pamene muyenera kuchedwapo. Poyamba iye mwini anauza Paris, amene ankafuna kukwatira Juliet, kuti adikire zaka ziwiri chifukwa Juliet anali asanakwanitse zaka 14, koma Tybalt, msuweni wa Juliet, atangophedwa anasintha maganizo, nakonza zoti ukwati uchitike Lachinayi, naopseza mwana wake kuti akakana amupirikitsa pakhomo, akafere kumsewu ndi njala. Kenaka, posangalala kuti mtsikanayo wagonja, anabweza ukwatiwo kuti ukhale Lachitatu. Tsiku limodzi limeneli ambiri salilabadira, komatu ndi lomwe linachititsa Juliet kumwa msanga mankhwala omugoneka ngati wakufa kwa maola 42. Kwa ine, bambo amene anali ndi mphamvu zonse pakhomo koma osafunsa chimene chikumuliritsa mwana wake ndiye wosenza gawo lalikulu la mlanduwu.

Bambo Laurence muwaweruze mosamala. Cholinga chawo chinali kuyanjanitsa banja la Montague, kwao kwa Romeo, ndi la Capulet, koma anadalitsa ukwati wa Romeo ndi Juliet mobisa, umene kwathu kuno tikanati ndi wopanda ankhoswe, kotero kuti mavuto atabuka panalibe wamkulu woti n'kuwaimira anawo. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti atamva phokoso la alonda anathawa kumanda kuja, n'kumusiya Juliet yekha pambali pa mtembo wa mwamuna wake, mpeni uli pomwepo.

Musamuyeretse Romeo: anapha Tybalt ndi dzanja lake, ndipo anagula chiphe asanamve mawu a wansembe. Mfumu Escalus nayo ikuvomera kumapeto kuti inalekerera udani wa mabanjawo ku Verona.

Polemba yankho, sankhani munthu mmodzi, fotokozani chifukwa chimene mlandu wa enawo ukuchepera, ndipo tchulani pamene umboni uli. Ngati mwasankha Capulet, werenganinso Act 3 Scene 5 pomwe akumuopseza Juliet, ndi Act 4 Scene 2 pomwe akusintha tsiku la ukwati.