Kudziwa kumene madzi othirira amafika m'dothi pogwiritsa ntchito kompyuta

Alimi a ndiwo zamasamba ku Chongwe, ku Chilanga ndi m'madimba ena ozungulira mzinda wa Lusaka amandifunsa kawirikawiri kuti bedi la repu kapena la matimati limafuna madzi ochuluka bwanji, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala pamene dzuwa lawawa ndipo zitsime zatsika. Ine ndimawapempha kuti tiyambe tadziwa kumene madzi amene athira kale akufika, chifukwa bedi likhoza kunyowa pamwamba mizu ili ndi ludzu, kapena madzi akhoza kupitirira mizu n'kutsika ndi feteleza yense.

Dothi la m'dimba silikhala lokhuta madzi ngati la m'dambo nthawi ya dzinja. Lili ndi timipata tosawerengeka, tina tili ndi madzi, tina tili ndi mpweya. Dothi louma limakoka madzi mwamphamvu, monga momwe chingwe cha koloboyi chimakokera palafini, koma madziwo amayenda pang'onopang'ono kwambiri poti timipata tikuluikulu timakhala topanda madzi ndipo njira zotsala ndi zazing'ono. Likamanyowa, kukoka kumachepa koma njira zimatseguka, moti liwiro la madzi m'dothi lomwelo likhoza kusiyana kambirimbiri pakati pa m'mawa musanathirire ndi pamene mwangomaliza. Kusintha kumeneku n'kumene kumavuta kuwerengera ndi pensulo. Wasayansi Lorenzo Richards analemba masamu a kayendedwe ka madzi m'dothi losakhuta mu 1931, pomanga pa lamulo limene Henry Darcy anapeza mu 1856 ku Dijon, m'dziko la France, poyesa madzi odutsa mumchenga wokhuta, ndipo mu 1980 wasayansi wina, Rien van Genuchten, anapereka njira yofotokozera mmene dothi lililonse limagwirira chinyezi. Pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa HYDRUS-1D, imene imapezeka ulere pa intaneti, imawerengera masamu amenewa.

Mlangizi kapena gulu la alimi limene lili ndi kompyuta liyambe ndi khasu. Kumbani dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi pambali pa bedi, muone pamene mtundu wa dothi wasintha, ndipo muyeze kuti gawo lililonse ndi lochindikala masentimita angati. Tengani dothi la gawo lililonse padera, mulitumize kokayezetsa, monga kumalo ofufuza za ulimi a Mount Makulu ku Chilanga kapena ku University of Zambia, kuti mudziwe kuchuluka kwa mchenga, dothi losalala (lokhala ngati ufa) ndi dongo. Manambala atatu amenewa mukawalowetsa, gawo la pulogalamuyi lotchedwa Rosetta limayerekeza mmene dothi lanu limagwirira ndi kudutsitsira madzi. Kenako mumalemba kuya kwa mizu, chinyezi chimene chilimo poyamba, madzi amene mumathira ndi amene amauma tsiku lililonse. Kumbukirani kuti milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, choncho ndowa zisanu za malita 10 pa bedi la masikweya mita 10 ndi mamilimita 5.

Pamenepo mukhoza kuyesa zimene simungayerekeze kuyesa pa mbewu yeniyeni. Funsani pulogalamuyo kuti chinyezi chikhala pati mukathira mamilimita 5 tsiku lililonse, nanga mukathira 15 kamodzi pa masiku atatu. Pa dothi lamchenga kuthira kwambiri nthawi imodzi kumataya madzi pansi pa mizu, pamene pa katondo wolemera kuthira pang'ono tsiku ndi tsiku kumangonyowetsa pamwamba, dzuwa n'kumwa gawo lalikulu. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi bedi la dothi losalala limene pansi pake pali mchenga kapena nsangalabwi. Munthu angaganize kuti madzi atsika msanga, koma amayamba aima pamalirepo mpaka dothi lapamwamba litatsala pang'ono kukhuta, chifukwa mchenga wouma sukoka ngati dothi losalala. Ine ndimaona kuti phunziro ili lokha ndi lokwanira kuti alangizi aphunzire pulogalamuyi.

Kuno ku Lusaka nkhaniyi imakhudzanso madzi akumwa, ndipo imandidetsa nkhawa. Mbali yaikulu ya mzindawu inakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, moti madzi amene apitirira mizu, pamodzi ndi feteleza wobereketsa amene asungunula, sachedwa kufika kumene zitsime zimatunga. Masamu a Richards amatenga gawo lililonse la dothi ngati lofanana paliponse, ndiye mukapanda kuuza pulogalamu za ming'alu, mauna a chiswe ndi njira za mizu yakale, idzakuonetsani madzi akutsika mochedwa kuposa mmene akutsikira m'munda. Odziwa ulimi wa mipaipi yodonthezera adziwenso kuti HYDRUS-1D imangoona madzi otsika ndi okwera; kufalikira kwa chinyezi m'mbali mwa dontho kumafuna mtundu wina wa pulogalamuyi umene ndi wogula.

Musasinthe kathiriridwe ka dimba lonse musanatsimikize yankho la kompyuta. Thirirani bedi limodzi madzi oyezedwa bwino, mawa lake mukumbe ndi kuyeza pamene chinyezi chalekezera. Ngati pulogalamu yanena masentimita 30 koma inu mwapeza 45, bwererani ku manambala a dothi muwakonze, ndipo muyesenso pa bedi lina mpaka ziwirizi zitayandikana.