Galu mwamutenga kumene sakuuwa? Musafulumire kumubweza

Mwapita ku LSPCA ku Lilongwe kapena BSPCA ku Blantyre, mabungwe osamalira nyama zopulumutsidwa, mwatenga galu poti pakhomo pakhale mlonda, ndiye sabata yatha mlondayo sanatulutseko mawu olo kamodzi, wamakala akugogoda pageti iye ali phee pansi pa galimoto. Aneba ayamba kale kukusekani kuti mwaweta mbuzi. Wanga anachitanso zomwezo, masabata asanu athunthu ali duu.

Choyamba musiyeni kaye. Galu wopulumutsidwa mumsewu kapena kwa anthu omwe ankamuzunza sadziwa kuti pano ndi pake, ndiye auwa bwanji kuteteza malo omwe iyenso akudziona ngati mlendo? Osamalira agalu amawerengera chonchi, masiku 3 oyamba amakhala ndi mantha okhaokha mwina osadya bwino, pakatha masabata 3 wayamba kuzolowera zochitika pakhomo, pakatha miyezi 3 ndi pomwe khalidwe lake lenileni limaoneka. Si lamulo ayi, ena amachedwa kuposa apo. Inu mupatseni malo ake ogona opanda phokoso, chiguduli kapena thumba pakona pakhonde, chakudya nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, madzi asasowe. Ana auzeni asamuthamangitse kapena kumukoka pomwe wabisala, abwere yekha.

Kenako muyang'anitsitseni kuti mudziwe ngati ndi mantha, matenda kapena chibadwa chabe. Wamantha amapinda mchira pakati pa miyendo, makutu kumbuyo, mukatukula dzanja kapena kugwira tsache amanyowa n'kugona pansi. Ameneyo mwina ankamenyedwa, mwinanso chifukwa cha kuuwa komweko. Pasani ubweya wa m'khosi muone ngati muli zipsera za waya kapena tcheni, wanga anali ndi mzere wopanda ubweya kuzungulira khosi lonse ndipo ndinauona tsiku lomusambitsa koyamba. Yesaninso kuomba m'manja kumbuyo kwake asakukuonani, makutu akapanda kugwedezeka kambirimbiri mwina samva.

Akamatsegula kukamwa ngati akuuwa koma mawu osasa, akutsokomola kapena kupuma mwaphokoso, pitani naye kwa a vetenale, zimenezo si zapakhomo. Ndipo apa ndisaseke, galu amene mawu asintha mwadzidzidzi, dovu likuchucha, akulephera kumeza, musapise dzanja kukamwa kwake poganiza kuti watsamwa fupa, chiwewe chimaoneka choncho. Mutsekereni payekha muimbire a vetenale. Akaluma munthu tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Khadi la katemera lomwe anakupatsani lisungeni bwino.

Ngati akudya, akusewera, mchira uli m'mwamba koma kungoti sauwauwa, ndiye ndi mmene alili basi. Ku Congo kuli mtundu wa Basenji womwe suuwa ngati agalu ena, umangolira mwamtundu wake. Agalu athu achikudawa ena amakhalanso achete, amadzutsa makutu n'kuima chilili kuyang'ana kugeti, imeneyonso ndi alamu mukaizolowera.

Mukufunabe aziuwa alendo akafika? Dikirani azolowere kaye ndiye pemphani mnzanu azigogoda pageti inu muli naye pafupi, akangotulutsa kamawu olo kakang'ono muyamikireni pompo ndi kumuponyera bonya kapena kanyama, mphindi zisanu patsiku zakwana. Kukhala pafupi ndi galu wina wouwa kumathandizanso, amatengera. Koma zija amanena ena zomuthira tsabola m'chakudya, kumutsekera mumdima tsiku lonse kapena kumumenya kuti akhale wolusa, chonde ayi. Mumangopeza galu woluma osachenjeza ndipo woyamba kulumidwa amakhala mwana wapakhomo pomwepo. Akamang'ung'udza musamukalipire, ndi mmene akunenera kuti ndisiyeni.

Wangayo anauwa koyamba cha m'ma 2 koloko usiku, ndinadzuka ndi tochi mtima uli phaphapha, kupeza ndi mphaka wa aneba ali pamwamba pa mpanda. Galuyo anachita kudzidzimuka yekha ndi mawu ake n'kuthawira kukhonde.