Momwe mungaphunzirire ma phrasal verb a Chingerezi osasokonezeka mutu

Mnzanga wina atangoyamba ntchito ku Johannesburg analandira uthenga pafoni wakuti "The meeting has been called off." Iye atangoona mawu akuti call anaganiza kuti abwana amuimbira kudzamuuza nthawi ya msonkhano. Anadikira foni ili m'manja mpaka masana, kenako anathamangira kuofesi thukuta lili kamukamu, n'kupeza chipinda chotseka. Msonkhano unali utalephereka kale, ndipo uthengawo unkanena zomwezo. Call anali kulidziwa, off anali kulidziwanso, koma call off ndi nyama ina.

Mawu otere ndi amene amatchedwa phrasal verb: mneni wamba monga get, put, take kapena give, wotsatana ndi kamawu kakang'ono monga up, off, out, in, on, away kapena over. Vutoli si lathu tokha. Samuel Johnson, polemba mawu oyamba a dikishonale yake ya Chingerezi mu 1755, anavomereza kuti aneni otere ndiwo amazunguza kwambiri anthu ochokera kunja. Ophunzira a JCE ndi MSCE amakumana nawo m'mayeso, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi anthu olankhula Chingerezi amawamva m'mawa mpaka madzulo.

Choyamba: atengeni ngati mawu amodzi

Ife olankhula Chichewa tili ndi poyambira. Timati tseka ndi tsekula, vala ndi vula, mata ndi matula. Kusintha pang'ono kumapeto kwa mneni kumatembenuza tanthauzo, ndipo palibe amene amaphwanya tsekula pakati kuti amve chimene akunena. Chingerezi chimachita zofananako, kungoti kachidutswa kake kamalembedwa padera. Kuvala ndi put on, kuvula ndi take off.

Ndiye musamafunse kuti give n'chiyani, up n'chiyani. Give up ndi kusiya kapena kutaya mtima: "He gave up smoking." Give in ndi kugonja. Give back ndi kubweza. Give away ndi kupereka ulere. Chimodzimodzi look: look after ndi kusamalira, look for ndi kufunafuna, look into ndi kufufuza nkhani, look down on ndi kuderera munthu.

Ena ndi osavuta, monga sit down, stand up ndi come in. Amenewo munawadziwa kale kupulayimale, musatayirepo nthawi.

Chachiwiri: dziwani pamene pamakhala chinthu chochitiridwacho

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ngakhale amene Chingerezi chawo n'chothyakuka. Ma phrasal verb ena amalola kupatulidwa. Mukhoza kunena "Turn off the radio" kapena "Turn the radio off", zonse n'zolondola. Koma mukangochotsa dzinalo n'kuikapo mlowam'malo monga it, him, her, me kapena them, malo ake ndi amodzi okha, pakati: "Turn it off." Kunena kuti "Turn off it" n'kulakwa, ndipo mwini chilankhulo amadzidzimuka ngati mmene ifeyo tingamvere munthu akuti "ndaona mu" m'malo mwa "ndamuona". Chimodzimodzi "Pick her up", "Write them down", "Wake me up", "Throw it away".

Ena salola kupatulidwa ngakhale pang'ono. "She looks after the children", "She looks after them." Simunganene kuti "looks them after". M'gulu lomweli muli come across, kupeza chinthu mwangozi, run into, kukumana ndi munthu mosayembekezera, ndi get over, kuchira matenda kapena kuiwala zowawa.

Nanga mudziwa bwanji gulu lake? Madikishonale a ophunzira amasonyeza. Mukaona alemba turn something off, ndiye kuti something ali pakati ndipo mukhoza kupatula. Mukaona look after somebody, musiyeni ali chomwecho. Polemba m'kope lanu tsatirani kalembedwe komweko, musamangolemba turn off pokha.

Pali enanso amene safuna chochitiridwa: "The minibus broke down", minibasi yafa panjira, "He didn't show up", sanabwere. Ndipo a mawu atatu sapatulidwa: run out of, put up with, catch up with. "We have run out of sugar", shuga watithera. Pa look forward to chenjerani, chifukwa mneni wotsatira amathera ndi -ing. Kumapeto kwa kalata yofunsira ntchito lembani "I look forward to hearing from you." Makalata ambiri amene ndawaona amati "to hear", ndipo wowerenga amaona msanga.

Chachitatu: mmodzi akhoza kukhala ndi matanthauzo angapo

Take off ndi kuvula nsapato, ndi kunyamukanso kwa ndege, komanso bizinesi ikayamba kuyenda bwino amati "it has taken off". Pick up ndi kutola chinthu pansi, kutenga munthu pagalimoto, kuyankha foni, ngakhalenso kudziwa chilankhulo mongomvera anthu. Amene amandiseketsa ine ndi go off. Magetsi akazima amati "The lights went off", koma alamu ikayamba kulira amatinso "The alarm went off". Ku Britain mkaka ukasasa amati "The milk has gone off". Apa dikishonale yokha siingakupulumutseni. Onani chimene chikuchita ntchitoyo, kaya ndi magetsi, alamu kapena mkaka.

Chachinayi: konzani zimene tinazolowera

Kwathu kuno timamva kawirikawiri "Pick me at the depot." Timamvana, koma pamayeso kapena polankhula ndi mlendo nenani "Pick me up at the depot." Kwina timawonjezera kamawu kosafunika: "cope up with" kulibe, ndi cope with basi. Fomu sachita "fill the form", ku Britain amakonda fill in pomwe ku America amakonda fill out. Posintha nthawi, amasintha ndi mneni yekha, kamawu kaja sikagwedezeka: break down, broke down, broken down.

Chachisanu: sankhani molingana ndi malo

Chingerezi chili ndi mawu awiriawiri pa zinthu zambiri. Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chilankhulo cha akuluakulu ndi makhoti kwa nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake ophunzira anabwerekanso mawu ochuluka ku Chilatini. N'chifukwa chake pali put off ndi postpone, put out ndi extinguish, put up with ndi tolerate, turn down ndi reject. Aataliwo amakhala bwino mu lipoti ndi m'kalata za kuofesi. Koma mukauza mnzanu patebulo kuti "Extinguish the candle" adzakuyang'anani ngati mukuwerenga chikalata cha boma. Ingonenani kuti "Put out the candle." Ambiri a ife tinaphunzira Chingerezi cha m'mabuku, mwakuti timadziwa aataliwo n'kumasowa aafupi, chikhalirecho aafupiwo ndi amene amamveka pocheza, pa wailesi ndi m'mafilimu.

Chachisanu ndi chimodzi: yesererani ndi zinthu zimene mumagwira

Kuloweza mndandanda wa aneni 200 motsatira alifabeti ndi ntchito yotopetsa imene imathera kuiwala. Tengani asanu pa sabata, onse ochokera malo amodzi. Yambani ndi foni yanu, popeza muli nayo m'manja: log in, sign up, top up, hang up, switch off. Sabata yotsatira lowani m'khitchini: wash up, heat up, cut up, boil over, throw away. Aliyense mulembereni chiganizo chokhudza moyo wanu, kenako chiganizo chachiwiri chokhala ndi it kapena them ngati akulola.

Nenaninso mokweza. Nthawi zambiri mawu amatsindika pa kamawu kakang'onoko: "Turn it OFF", "The car broke DOWN". Mneni wotere akasanduka dzina, kutsindika kumabwerera kumayambiriro ndipo nthawi zambiri limalembedwa pamodzi: a breakdown, a handout, a setback.

Madzulo musanagone fotokozani tsiku lanu m'ziganizo zisanu ndi chimodzi. Mwachitsanzo: "I woke up at five. I put on my uniform. The minibus broke down at Lunzu. We got off and waited. My phone ran out of battery. My brother picked me up." Mawa sinthani zochitikazo, ndipo pamene mwakayikira malo a me kapena it, tsegulani dikishonale muone pamene aika something.