Kuphatikiza ma covariance matrix akuluakulu popanda kudzaza RAM

Pakati pa ife Amalawi amene tikuchita kafukufuku wa manambala kuno ku Johannesburg, makamaka amene timakumana ku Braamfontein pafupi ndi yunivesite ya Wits, dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti pulogalamu yophatikiza ma covariance matrix (matebulo a manambala osonyeza mmene ma variable amasinthira limodzi awiriawiri) yayenda usiku wonse, kenako m'mawa yangofa ndi uthenga wa MemoryError, wosonyeza kuti RAM yadzaza. Vutoli limapeweka ngati munthu ayamba watenga pepala ndi cholembera asanakhudze kompyuta.

Yambani mwawerengera kukula kwa matrix yanu. Nambala iliyonse ya float64 imadya ma byte 8, choncho ngati muli ndi ma variable 30,000, matrix yake ili ndi manambala 30,000 × 30,000, ndiye kuti 900 miliyoni, omwe ndi 7.2 GB. Pa laputopu ya 16 GB zimaoneka ngati malo alipo, koma pophatikiza ma matrix awiri NumPy, laibulale ya masamu ya mu Python, imasunga yoyamba, yachiwiri, yotsatira yake, ndiponso ina yongodutsa imene imapangidwa mkati mwa masamuwo, ndipo zonse pamodzi zimafika 28.8 GB.

Cholakwa chachikulu, chimene ndimachiona ngakhale kwa anthu odziwa bwino ntchito, ndi kutenga avareji ya ma covariance a zigawo za deta n'kumayesa kuti amenewo ndiye covariance ya deta yonse. Taonani chitsanzo chaching'ono. Gulu loyamba lili ndi 1 ndi 3, lachiwiri lili ndi 11 ndi 13. Gulu lililonse variance yake (muyeso wa kumwazikana kwa manambala, yomwe ndi covariance ya variable ndi iyo yomwe) ndi 2, koma manambala anayiwo mukawaika pamodzi variance yake ndi pafupifupi 34.7, chifukwa maguluwo atalikirana, ndipo avareji ija siiona mtunda umenewo.

Njira yolondola inafotokozedwa ndi Chan, Golub ndi LeVeque mu 1979, ndipo ndi yapachibale ndi ya Welford ya mu 1962. Pa chigawo chilichonse sungani zinthu zitatu: chiwerengero cha mizere n, avareji ya variable iliyonse, ndi matrix M, yomwe ndi covariance yochulukitsidwa ndi n − 1. Pophatikiza zigawo A ndi B, pezani d, yomwe ndi ma avareji a B kuchotsapo a A, ndipo M yatsopano ikhale M_A + M_B + (n_A × n_B ÷ n) × d dᵀ, pamene n ndi n_A + n_B. Avareji yatsopano ndi ya A kuwonjezerapo d × n_B ÷ n. Kugawa ndi n − 1 muchite kamodzi kokha, pamapeto penipeni. Pa chitsanzo chathu chija M imakhala 2 + 2 + 100, yomwe ndi 104, ndipo mukaigawa ndi 3 mupeza 34.7 yomwe ija.

Tsopano za malo. Musapange d dᵀ yonse nthawi imodzi, chifukwa nayonso ndi matrix yaikulu ngati M yomwe. Ikani M pa disiki pogwiritsa ntchito numpy.memmap kapena fayilo ya HDF5, ndipo muziikonza mizere 2,000 pa ulendo umodzi, yomwe ndi 480 MB yokha, mukuwonjezera pomwepo ndi += kuti pasabadwe kope ina. Popeza matrix imeneyi ndi yofanana mbali zonse ziwiri za diagonal, mukhoza kuwerengera theka lokha. Ena amathamangira ku float32 chifukwa imadula malo pakati, koma ine ndimaigwiritsa ntchito posunga zotsatira zokha, osati powonkhetsa, pakuti imasunga bwino madijiti pafupifupi 7 okha ndipo zolakwika zazing'ono zimaunjikana. Muzilembanso n, avareji ndi M ku disiki mukamaliza chigawo chilichonse, chifukwa ife a ku Johannesburg tikudziwa kuti magetsi sapempha chilolezo pozima.

Ngati mizere ya deta ndi yochepa kuposa ma variable, mwachitsanzo 500 pa 30,000, musavutike n'kupanga matrix yaikuluyo. Rank yake (chiwerengero cha mizere yake yosadalirana) singapitirire 499, ilibe inverse, ndipo deta yeniyeniyo mutaichotsa avareji ndi 120 MB yokha, yomwe ili ndi zonse zimene matrix ya 7.2 GB ikanakuuzani. Pamene mukufunikiradi kuthetsa ma equation ndi covariance yodzaza, pewani np.linalg.inv ndipo mugwiritse ntchito cho_factor ndi cho_solve za mu SciPy, mutaika overwrite_a=True. Cholesky, njira imene cho_factor imagwiritsa ntchito, ikakana, ndiye kuti matrix yanu si positive definite (ma eigenvalue ake ena saposa ziro), ndipo shrinkage ya Ledoit ndi Wolf, njira yokokera matrix ku ina yosavuta ya diagonal, yomwe ili kale mu scikit-learn, ndi poyambira pabwino.