Kuonera mbalame m'mbali mwa Shire mvula ikamayamba

Aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe, ndi inu achinyamata ofuna kudzaperekeza alendo m'nkhalango, Novembala ndi Disembala musamazilole kungodutsa. Mvula yoyamba ikagwa inswa zimatuluka, mbalame zimayamba kumanga zisa, ndipo zakutali zimakhala zafika. Anamzeze ena amene mumawaona atandandalika pa mawaya a magetsi amaswera ku Ulaya, kuno amangothawirako chisanu.

Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo pafupifupi 400 imapezeka ku Liwonde, nkhalango yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. Koma kuchuluka kwa mbalame si kuziona. Nyengo ino masamba aphukira, ndipo mitengo ya m'mbali mwa mtsinje yawirira. Yambani ndi khutu, maso abwere pambuyo.

Lawirirani m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Likafika paliwombo mbalame zambiri zimangoti zii pamthunzi. Pezani mkuyu wa nkhuyu zakupsa, mukhale pansi dzuwa lili kumsana kwanu, mudikire. Gulu loyendayenda likucheza limabwerako litaona nkhwazi ndi akakowa okha, zomwe ngakhale wopalasa bwato amaziona tsiku lililonse. Mukamva kulira kwachilendo, musathamangireko. Mvetserani kaye ngati kukuchokera m'bango, pansi kapena kunsonga kwa mtengo. Mukaiona, yang'anani mlomo, mchira ndi kukula kwake poyerekeza ndi njiwa kapena pumbwa, mulembe m'kope musanatsegule buku la mbalame. Ana amakonda kuloweza mtundu wa nthenga, koma mumthunzi mtundu umanamiza.

Alendo odziwa mbalame amafunsa kwambiri za kadzidzi wamkulu wodya nsomba, amene m'mabuku amatchedwa Pel's fishing owl. Masana amabisala m'mitengo ikuluikulu yowirira pafupi ndi madzi. Mukampeza, muonereni patali, chifukwa kadzidzi wovutitsidwa amasamuka. Amafunsanso za timbalame tobiriwira tamutu wofiirira, Lilian's lovebird, togona m'mphako za mitengo ya tsanya. Kuno kwathu n'ku Liwonde kumene timadziwika, ndipo timafa tambirimbiri opha nyama mozembera akathira poizoni m'zithaphwi.

Zisa sitikhudza, ndipo malegeni atsale kunyumba. Za kuimbitsa kulira kwa mbalame pa foni kuti ibwere pafupi, ine sindivomereza nyengo yoswa ino: mbalame imasiya mazira n'kumalimbana ndi mdani amene palibe.

Valani zofiirira ngati dothi kapena zobiriwira, chifukwa zakuda ndi zabuluu zimakopa ntchentche zoyambitsa kaodzera. M'nkhalango yotetezedwa musayende pansi popanda mlonda wa nyama. Musaime m'mphepete mwenimweni mwa madzi poti mu Shire ng'ona n'zambiri, ndipo m'mawa mvuu zimakhala zikubwerera kumadzi, choncho njira zake muzipatuke. Magalasi oonera patali akakhala amodzi, gulu lisapitirire anthu asanu kuti aliyense aoneko mbalame isanauluke.