Kacunidwe ka Gain pa Amplifaya ya M'motoka

Kabatani ka pa amplifaya kolembedwa kuti gain si ka volyumu. Nchito yake ndi kulinganiza mphamvu yocokela ku wailesi ndi imene amplifaya ingatulutse popanda kuwononga mawu. Mukakapotoza mopitilila, nsonga za mafunde a mawu zimaduka, zimene amisili amacha clipping, ndipo koilo ya m'sipika imatentha mpaka kupsa. Khutu limacedwa kumva zimenezi, makamaka pa subwoofer (sipika ya mawu a bass), conco musadalile kumvetsela cabe.

Cofunika kwambili ndi multimeter yopima mavoti a AC, ngakhale yochipa. Mufunikanso sikuludilaiva yaing'ono ndi mawu oyesela (test tone) a 0 dB, kutanthauza ojambulidwa pa mlingo wapamwamba kothelatu, pa fulashi: 50 Hz a subwoofer, 1,000 Hz a masipika enawo.

Yambani ndi masamu. Tengani mawati a RMS (mphamvu imene amplifaya imatulutsa mosalekeza) olembedwa m'buku la amplifaya, osati ciwelengelo cacikulu ca max ca pa katoni. Aculukitseni ndi ma ohm a sipika, kenako pezani square root pa kakyuleta ya m'foni. Mawati 500 pa ma ohm 2 amapeleka 1,000, ndipo square root yake ndi 31.6, ndiye kuti mufunika mavoti 31.6 pa multimeter. Mawati 75 pa ma ohm 4 ndi mavoti 17.3. Ngati sipika ili ndi mawati ocepa kuposa amplifaya, welengelani a sipikayo.

Zimitsani wailesi, cotsani nthambo zonse za masipika ku amplifaya, ndipo bwezani gain pansi kothelatu. Bass boost ndi loudness zikhale zozima, equalizer ikhale pa zilo. Lizani injini motoka ili panja, cifukwa amplifaya imapeleka mphamvu yake yonse batile ikamacajidwa. Ikani volyumu ya wailesi pa magawo atatu mwa anayi, yatsani mawu oyesela, gwilizitsani timitengo ta multimeter pa + ndi − pomwe pamalowa nthambo za sipika. Samalani kuti tisakhudzane. Potozani gain pang'onopang'ono, ndipo mukafika pa ciwelengelo canu, lekani pomwepo.

Dziwani kuti multimeter siiona clipping. Imangokhulupilila zimene opanga amplifaya analemba, ndipo ngati anakokomeza mawati, mudzafika pa mavoti anu mawu ataduka kale. Komanso ma multimeter ambili ochipa amapima bwino pa 50 kapena 60 Hz, koma pa 1,000 Hz ena amaonetsa mavoti ocepa, zimene zingakupangitseni kukweza gain mopitilila.

Ndiye cifukwa cake oscilloscope yaing'ono yoyendela batile ndi yoyenela kuigula, makamaka kwa amene amaika mawailesi m'mamotoka a anthu. Imaonetsa funde lenilenilo pa sikilini. Kwezani gain mpaka nsonga zitayamba kuphwatalala, kenako bwezani pang'ono kuti zikhalenso zobulungika. Gwilitsilani nchito probe ya 10x, nthambo yopimila imene imacepetsa mavoti kakhumi asanalowe mu oscilloscope, pakuti mavoti 31.6 a RMS amafika pafupifupi 45 pa nsonga. Ndi oscilloscope mungapimenso wailesi kuti mudziwe volyumu imene imayambila kudula mawu. Kacipangizo ka SMD DD-1 kamacita nchito imodzimodziyo mwa kuyatsa kanyali, koma n'kodulilapo.

Mukatsiliza, zimitsani wailesi musanabwezele nthambo za masipika. Poliza nyimbo musapitilile volyumu imene munacunila, ndipo mukafuna kuyatsa bass boost, cunaninso gain bass boost ili yoyaka.