Kusankha jombo zosakira elk m'mapiri a Rocky

Elk ndi nyama ya mtundu wa agwape ya ku North America, yaikulu kuposa mphalapala. Yamphongo yokhwima imalemera makilogalamu 300 kapena kupitirira. Alenje amaitsatira m'mapiri a Rocky, m'zigawo za Colorado, Montana, Idaho ndi Wyoming m'dziko la America, pamalo okwera mamita 2,000 mpaka 3,500, nthawi zambiri kutali ndi msewu. Ikagwa, mlenje amaisenda ndi kuidula pomwepo, n'kuyamba kututa nyamayo pamsana maulendo anayi kapena asanu, ndipo mwendo umodzi wakumbuyo umatha kuyandikira makilogalamu 30. Choncho posankha jombo musaganizire za m'mawa mukukwera muli wopepuka. Ganizirani za ulendo wobwerera, kutada, mukutsika phiri la miyala katundu ali kumsana.

Yambani ndi soli. Gwirani jombo kuchidendene ndi kutsogolo, muyese kuipinda ndi kuipotokola ngati mukufinya chovala. Yabwino imapindika pang'ono pomwe zala zimayambira, koma pakati imakana. Chifukwa chake n'chakuti elk saisaka m'njira zolambula: mumayenda mopingasa phiri kwa maola ambiri, phazi likuponda ndi m'mphepete mokha. Soli ikakhala yofewa, ntchito yonse imagwera minofu ya phazi ndi akakolo, ndipo pofika tsiku lachitatu kubinya kuli pafupi. Komabe musapitirire muyezo. Jombo zouma gwa, zija zokwerera mapiri a ayezi, zimachita phokoso ndiponso zimatopetsa pamalo athyathyathya. Wosaka ndi uta mu September, amene ayenera kunyang'ama mpaka kufika mamita 30 kapena 40 kuchokera pa nyama, asankhe zolimba mwapakatikati, zosafewa kwambiri komanso zosauma gwa. Mano a soli akhale akuya ndi otalikirana kuti matope azigwa okha. Masoli a kampani ya Vibram ndi omwe amapezeka pa jombo zambiri zotere.

Msinkhu wa jombo ukhale mainchesi 8 mpaka 10, kutanthauza masentimita 20 mpaka 25, kuti akakolo agwiridwe. Chikopa chochindikala chimakhalitsa kuposa nsalu ngakhale chimalemera ndi kuchedwa kuuma. Onetsetsaninso kuti pali lamba wa labala wozungulira jombo yonse pamwamba pa soli, poti ndi amene amalandira miyala yakuthwa m'malo mwa chikopa.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa nkhani ya kufunda. Pabokosi amalemba 200, 400 kapena 800, ndipo awa ndi magalamu a chofunditsira chonga Thinsulate pa sikweyamita imodzi, osati kulemera kwa jombo. Munthu amaopa kuzizira n'kugula za 800, kenako n'kukakwera nazo phiri masana dzuwa lili phwee. Phazi limachita thukuta, khungu limafewa, matuza n'kubuka. Madzulo thukuta lomwelo limazizira ndipo phazi limachita dzanzi. Mu September tengani zopanda chofunditsira. Mu October, nyengo yosaka ndi mfuti, za 200 kapena 400 zimakwana. Za 800 n'za kumapeto kwa November, chipale chofewa chitaunjikana, makamaka ngati mudzakhala pansi nthawi yaitali mukudikira. Kansalu kotchinga madzi konga Gore-Tex n'kofunika nyengo zonsezi, koma madzi ambiri amalowera kukamwa kwa jombo kuchokera ku udzu wamame, ndiye valaninso zokutira miyendo zija amati gaiters.

Makampani odziwika alipo: Kenetrek ndi Schnee's a ku Montana, Danner ya ku Oregon, Crispi ndi Zamberlan a ku Italy, Meindl ndi Lowa a ku Germany. Koma iliyonse ili ndi chikombole chakechake, ina ya phazi lopyapyala, ina ya phazi lotakata, ndipo dzina silichiza jombo yosakukwanani. Kayeseni madzulo, mapazi atatupa, mutavala masokosi omwe mudzasakire. Musanamange zingwe, kankhirani phazi kutsogolo mpaka zala zigunde. Kumbuyo kwa chidendene kulowe chala chimodzi. Mukamanga, imani pamalo otsetsereka kapena pamasitepe mutayang'ana kumunsi, mumenye pansi kangapo. Zala zikagunda kutsogolo, jomboyo isiyeni, apo ayi zikhadabo zidzada ndi kusupuka. Tembenukani muyang'ane kumtunda: chidendene chisanyamuke kuposa theka la sentimita. Mapazi sakhala ofanana, choncho tsatirani lalikululo.

Gulani padakali miyezi iwiri kapena itatu. Jombo zachikopa zimafuna makilomita 80 kapena kuposerapo kuti zizolowere phazi, ndipo mtunda wapamsewu wokha sukwanira. Yambani ndi maulendo aafupi, kenako zitunda, kenako chikwama cha makilogalamu 15 mpaka 20. Malo amene akutentha pakhungu adziweni panopa, ndipo tsiku losaka muwamate tepi yonga Leukotape musanayambe kuyenda. Zingwe muzimanga pawiri: zolimba pakhosi pa phazi kuti chidendene chikhazikike, zomasukirapo kuzala. Musanayambe mtsetse wautali, imani mumangenso.

Masokosi akhale a ubweya wa nkhosa za merino. A thonje amamwa thukuta n'kulisunga. Nyamulani ena m'chikwama, musinthe masana.

Kumsasa, jombo zonyowa musaziyandikize kumoto ngakhale mutazizidwa bwanji. Moto umasungunula guluu wa soli ndi wa lamba uja, ndipo chikopa chimakwinyika n'kung'aluka. Chotsani zoyala zamkati, masulani zingwe mpaka pansi, mutsendere nyuzipepala zouma mkatimo n'kuzisintha zikanyowa. Chikopa chikauma, chipakeni phula lomwe kampaniyo idanena, osati mafuta olemera, poti amafewetsa chikopa mopitirira ndi kulepheretsa jombo kupuma. Kukakhala kozizira kwambiri, zilowetseni m'tenti, zoyala zamkatizo mugone nazo m'thumba logonamo, kuti m'mawa musapeze jombo zitalimba ngati mwala chifukwa cha kuzizira.